Galimoto Yodya Patatu

Lovemore Zulu wa ku Kapata anali ndi njinga imodzi, mathalauzi awiri ndi mtima wodzala nsanje. Ntchito yake inali yonyamula anthu panjinga, kuwachotsa pamsika n'kukwera nawo mitunda ya m'tauni ya Chipata, iye thukuta lili kamukamu, kasitomala ali phee kumbuyo akukukuta chimanga chootcha. Kunyumba kunali mkazi wake Lettie ndi mwana mmodzi yekha, Ruth, wa zaka zisanu ndi zinayi.

Umphawi wokha akanaupirira. Chimene chinkamudya chinali Benson, mlongo wake wa Lettie, yemwe anali ndi takisi yopita kuboda ya Mwami. Akakumana pamsewu, Benson ankatsitsa galasi n'kukuwa:

"Alamu! Injini yanu ikutuluka utsi m'khwapa. Mwathiramo oilo lero?"

Anthu m'takisimo ankafa nazo ziseko. Lovemore ankaseka nawo ndi mano okha.

Kuseri kwa Mtenguleni, ukasiya tala n'kutsata kanjira ka ng'ombe, kunkakhala mkulu wina dzina lake a Ezekiel. Kale anali makaniko, kenako anataya sipanala n'kuyamba za mankhwala. Lovemore anapalasa njinga kupita kumeneko Lachiwiri lina dzuwa lili paliwombo. Pabwalo anapeza zigoba za magalimoto opsa zili ndandanda. Nkhuku zinkayenda paliponse, koma m'zigobamo sizinkalowa. Zimenezi anaziona ndithu, koma munthu wofuna chuma maso amakhala nawo a chikongoletso.

"Wabwera kudzatenga galimoto," anatero a Ezekiel asanapatsidwe n'komwe moni.

"Mwadziwa bwanji, madala?"

"Matako ako ali ndi zipsera za chishalo. Tiye kuno."

Anavundukula lona pansi pa mtengo wa mango. Panali galimoto yoyera, yokalamba koma yosalala.

"Iyi inachokera kutsidya kwa nyanja, inafika kuno itatha kale mano. Ili ndi pakamwa pawiri. Apa imamwa petulo. Apa imamwa malaiti, umaitchaja pakhoma ngati foni. Pakamwa pachitatu ndinaboola ine."

"Pali pati?"

Mkuluyo anagogoda mpando wakumbuyo ndi chala chopanda chikhadabo. "Pansi apa pagona batire lalikulu ngati chitseko. Pambali pake pagona kanthu kanga. Wina aliyense asadzatsegulepo, kaya makaniko, kaya wansembe. Limenelo ndi lamulo loyamba."

"Losavuta limenelo."

"Lachiwiri nali. Galimoto zokalamba zimadwala. Tsiku lina nyali idzayaka padashibodi. Ikayaka, unyamule munthu wa magazi ako, akhale pampando uwu, umuyendetse. Nyali idzazima."

"Nanga amene ndamunyamulayo chimamuchitikira n'chiyani?"

"Amatopa. Iwe panjinga sutopa?"

"Ndikapanda kunyamula aliyense?"

"Idzasankha yokha. Koma ilibe ulemu posankha."

Lovemore anaimirira pakati pa ziwirizo. Anayang'ana njinga yake, anayang'ana galimoto. "Mtengo wake, madala?"

"Ndalama ndichite nazo chiyani ine? Iyi imadzilipira yokha. Siya njingayo pano, sudzaifunanso."

Galimoto ija inkayenda osamveka. Ikakhala pa malaiti inkangotsetsereka ngati njoka m'udzu, munthu umangozindukira yakupumira pamsana. Ana a ku Kapata anaitcha Mzukwa. Koma anthu okwera ankaikanganirana. Ankatsika m'takisi ya Benson atakhala kale, n'kuthamangira kwa Lovemore, ukawafunsa chifukwa samadziwa. Chimene Lovemore wapeza masana n'kuchiika m'kabati ka m'galimoto, m'mawa ankachipeza chitaswana. Chaka chisanathe anamanga nyumba ya njerwa zootcha, anatsegula golosale, Lettie anayamba kusintha zitenje ngati akugulitsa. Benson akakumana naye ankangoyang'ana kutsogolo, galasi lili chitsekere.

Mvula yoyamba itagwa, Mzukwa unakana kudzuka m'mawa. Atadina batani kambirimbiri unadzuka monyinyirika, padashibodi patayaka kanyali kachikasu. Tsiku limenelo sananyamule munthu ndi mmodzi yemwe.

Lovemore anali ndi mng'ono wake, Joshua, mlimi wa thonje cha ku Tamanda, mnyamata woti thumba la feteleza ankanyamula ndi dzanja limodzi. Anamulondola kumunda.

"Joshua, siya khasu, ukalaweko tauni. Khala kumbuyo ngati bwana."

Ali m'njira Joshua anayamba kusunthasuntha. "Achimwene, mpandowu ukutentha bwanji?"

"Galimoto zodula zimatero. Zimakuwothetsa."

Pofika ku Kapata nyali inali itazima. Joshua anatsika miyendo ili lendelende ngati luzi lonyowa. Kuchipatala anamupima zonse, osapeza kanthu. Khasu sanaligwirenso. Lovemore anamugulira wailesi ndi matilesi, anthu n'kumati koma mnyamata uyu amakonda abale ake.

Nyali yachiwiri inayaka chaka chotsatira. Inabwera ndi matenda a mabuleki: akutsika ku Kanjala anaponda, phazi linangolowa ngati waponda papaya lakupsa, galimoto n'kudzaima yokha patsogolo pa mayi wogulitsa tomato. Lovemore anakhala masiku atatu osadya bwino. Tsiku lachinayi anapita kumudzi kukatenga amayi ake kuti akaone nyumba yatsopano. Mayiwo anavala chitenje cha kutchalitchi, anakhala kumbuyo korona ili m'manja, akunyadira.

"Mwana wanga, Mulungu wakukumbukira," anatero. Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza. Anagona m'njira, podzuka lilime linali litauma. Anawaika m'manda sabata ya mwambo wa Ncwala, m'bokosi lokongola kuposa onse amene mudziwo unaonapo.

Tsopano wa magazi ake amene anatsala ali chilili anali Ruth yekha. Lovemore anaika lamulo pakhomo: mwana asayandikire galimoto. Kusukulu azipita wapansi.

"Bambo ake Ruth," Lettie anafunsa, "ana a eni ake mumawanyamula tsiku lonse, wanu yekha ndiye ali ndi nsabwe?"

"Ndanena ndanena."

"Atate, kamodzi kokha," anatero Ruth. "Anzanga amati ndimanama kuti ndi yathu."

"Ukadzakula, mama."

Nyali yachitatu inali yofiira. Inayaka mu Okutobala, dzuwa likuwotcha ngati mbaula. Batire lija, limene kale linkamufikitsa ku Mwami n'kubwerera, tsopano linkatha asanatuluke m'tauni. Pulagi yotchajira inkatentha moti sungaigwire, ndipo m'galimoto munkamveka kafungo kotsekemera ngati shuga wopserera.

Anapita kwa a Ismaili, makaniko wa zamawaya pafupi ndi msika, munthu wosadziwa kunama ngakhale pa mtengo wa fyuzi. "Mungondizimitsira kanyali aka, mkulu wanga. Musatsegule kalikonse."

A Ismaili ananunkhiza m'galimoto, nkhope inasintha. Anawerenga nambala ya chasisi, anailemba pafoni, anawerenga zimene zinatuluka.

"Lovemore, galimoto iyi eni ake anaiitana kalekale."

"Eni ake ndine."

"Ndikunena amene anaipanga. Anapeza kuti mabatire a mtundu uwu ali ndi chilema, amatha kuyaka okha ukamatchaja. Analemba makalata kuti aliyense abweze galimoto akamusinthire. Kalata ya iyi inapita kwa mwini woyamba kutsidya kwa nyanja, mwina anakulungira nsomba. Palinso za mabuleki, ndi za maloko a zitseko amene amadzitseka okha kabatire kakang'ono kakafooka. Zonse zalembedwa apa. Pita nayo ku Lusaka, kuli galaja imene imagwira zimenezi, sulipira kanthu."

"Akasintha bwanji?"

"Achotsa mpando wakumbuyo, atsegula pansi."

"Ayi."

"Ayi chiyani? Zaulere, munthu iwe! Ku Chipata kuno ndani anakanapo zaulere?"

"Ndati ayi."

A Ismaili anapukuta manja pang'onopang'ono. "Chabwino, za pansi pa mpando wako sindikufunsa. Koma mvera izi. Usaitchajenso. Usaiimike pafupi ndi nyumba. Moto wa batire ili si wa udzu, sumva madzi."

Lovemore anathamangira ku Mtenguleni. Anapeza a Ezekiel akusenda nthochi pamthunzi, pamalo pamene panali galimoto paja atasesapo bwinobwino.

"Madala, opanga galimoto akuiitana."

"Aiitane. Inenso ndikuitana. Uyankha ndani?"

"Wanditsalira mwana mmodzi."

"Ndiye kuti ntchito yosankha yachepa."

"Tengani galimoto yanu. Tengani ndi golosale yomwe."

"Njinga yako ndinagulitsa." Mkuluyo anatafuna nthochi mosafulumira. "Ukufuna upite ku Lusaka? Pita. Akatsegula, kanthu kanga kakatuluka, zonse zimene kanakupatsa zipita nako. Ubwerera panjinga, mlamu wako akufunsenso za oilo. Mwana akhala bwino, zimenezo sindikunamiza. Msewu wa ku Lusaka ndi uwo."

Apa ndiye pamene pali nkhani, abale anga. Khomo linali lotsegula. Munthu akanangopita ku Lusaka, n'kubwerako pabasi ali mmphawi, mwana wake ali moyo. Lovemore anafika pamphambano, anaima, injini ili zii. Anaganiza za Ruth. Kenako anaganiza za galasi la Benson likutsika. Anakhotera ku Chipata.

Anati achenjere. Anagula mbuzi, anadzicheka chala, anaipaka magazi pamphumi, n'kuikhazika kumbuyo ngati mkwatibwi. Anazungulira nayo tauni yonse. Nzeru imeneyi ngakhale ine ndinaigomera. Koma mbuzi inatsika ili gwa, itadyako ndi lamba wa mpando, nyali ili chiyakire.

Ndiye anachita zimene madalaivala athu amachita nyali ikawasowetsa mtendere. Anadula katepi kakuda n'kumata pamwamba pake. Dashibodi inaoneka bwino. Mtima unakhala pansi. Anthu anayambanso kukwera.

Sabata imeneyo malaiti anapita masiku awiri, pamafilingi ogulitsa petulo panali mizere. Loweruka m'mawa Lovemore anaimika Mzukwa mogundana ndi khoma la nyumba, analowetsa chingwe pawindo la kuchipinda n'kusomeka pasoketi, kuti malaiti akangobwera galimoto iyambe kumwa. Kiyi wake anali atayamba kuvuta, choncho zitseko anangozikankha osakhoma. Anapita wapansi kugolosale. Lettie anali kuseri akuchapa.

Ruth anatuluka ndi chidole chake. Anayang'ana uku ndi uku. Anagwira chitseko chakumbuyo, chinatseguka. Analowa, anakhala ngati bwana, chidole pamiyendo.

Masana komboni yonse inakuwa pamodzi: "Abwera! Malaiti abwera!" Mafiriji analira, mawailesi anayamba kuimba. M'phokoso limenelo palibe anamva maloko a galimoto akuti kho, onse anayi.

Lovemore anaona utsi ali pagolosale, woyera poyamba, kenako wakuda. Sanafunse kuti ndi kwa yani. Anathamanga nsapato n'kutsala m'njira. Anapeza Lettie akumenya galasi ndi mwala wochapira, manja atasupuka, anthu akumukoka. Moto unkatuluka pansi pa mpando wakumbuyo ukulira ngati wa owotcherera zitsulo. Anathira ndowa, anathira migolo, anathira mchenga. Ozimitsa moto anabwera nawo madzi awo. Unkati wazima, n'kudzukanso. Unakwera chingwe, unalowa pawindo, nyumba ya njerwa zootcha inapsanso kachiwiri.

Patapita masiku atatu chigoba chitazizira, a Ismaili anabwera ndi chitsulo n'kukanganula pansi pa mpando. Batire linali phulusa. Pambali pake panali kansupa kakang'ono komangidwa mfundo zitatu, kosapsa ngakhale ulusi umodzi. Anabwerera m'mbuyo akutchula dzina la Mulungu.

Tsiku lomwelo panafika ngolo ya ng'ombe. A Ezekiel anatsika, anapereka moni wa maliro mwaulemu wonse, anatola kansupa n'kuika m'thumba la jekete. Chigoba anachikweza pangolo. Palibe anawaletsa.

Lettie anabwerera kwa makolo ake, Benson ndiye anadzamutenga pa takisi yake. Golosale inatha ngati mchere m'madzi. Lovemore mukamufuna mukamupeza pamsika wa Kapata, wopanda nsapato, tepi yakuda ili m'manja. Akaona kanyali kofiira paliponse, pafiriji ya ogulitsa zakumwa, patchaja ya foni, kumbuyo kwa minibasi, amathamangira kukamata, akunong'ona kuti, "Khala panja, mama, ukwera ukadzakula." Ogulitsa anazolowera. Amangomusiya amate, akachoka n'kumatula.

Inu amene mukupalasa njinga lero mlamu wanu akukusekani, musekeni nayenso, mufike kunyumba mwana akuchingamireni. Chuma cha mankhwala chimayamba ndi kudya abale akutali, chimamalizira pamphasa pako. Ndipo nyali ikayaka, kaya padashibodi kaya mumtima, imvereni. Dyera limagulitsa tepi yotchipa kwambiri, koma moto suona kuti mwamata.