Magalasi Olimba a Amayi a Tiwo

Tiwo anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku Kalingalinga, mu Lusaka. Tiwo anali ndi nkhawa imodzi. Nkhawa yake inali maso a amayi ake.

Amayi ake ankavala magalasi. Popanda magalasi sankaona bwino.

Kale amayi ankasoka zovala kufakitale. Kenako salaula inadzaza m'misika. Anthu anayamba kugula zovala zakale zochokera kunja. Fakitale inatsekedwa. Amayi anabwerera kunyumba.

Tsopano amayi ankaphwanya miyala m'mphepete mwa msewu. Ankakhala pansi tsiku lonse. Hamala m'mwamba, hamala pansi. Kho! Kho! Kho! Omanga nyumba ankabwera kudzagula timiyalato.

Pofika madzulo manja anali atatopa. Msana unali utatopa. Maso nawonso anali atatopa.

Tsiku lina Tiwo anawapititsira madzi akumwa. Amayi anakweza hamala. Kho! Kamwala kanadumpha.

Phwa!

Galasi lakumanzere linasweka. Tizidutswa tinagwera pachitenje. Kachidutswa kena kanawacheka pansi pa diso.

"Mayo ine!" anakuwa amayi.

Tiwo anataya botolo la madzi. Anawagwira dzanja. Anapita nawo kukiliniki. Anesi anayang'ana diso. Anamata pulasitala pabalapo.

"Diso lili bwino," anatero anesi. "Koma panatsala pang'ono."

M'mawa mwake amayi anayesa kugwira ntchito. Zonse zinkaoneka ngati utsi. Hamala inaphonya mwala. Inamenya chala. Amayi anabwerera kunyumba. Anangokhala pakhomo.

Atate a Tiwo dzina lawo linali Edwell. Ankakankha wilibala kumsika wa m'tauni. Ankanyamula katundu wa anthu tsiku lililonse.

"Tiwo," anatero atate, "ine sindingasiye wilibala. Loweruka uperekeze amayi ako kwa a magalasi. Uziwagwira dzanja."

"Nizawagwira, atate," anayankha Tiwo.

Loweruka linafika. Tiwo ndi amayi anaima pamsewu. Minibasi yoyamba inali yodzaza. Yachiwiri inalinso yodzaza. Yachitatu inaima. Anapanikizana momwemo.

M'tauni anatsika. Anayamba kuyenda. Dzuwa linali kuswa mtengo. Fumbi linali paliponse.

"Amayi, apa pali dzenje," anatero Tiwo.

Amayi analambalala.

"Amayi, apa pali ngalande."

Amayi anatambasula mwendo.

Anayenda. Anayenda. Anayendabe. Miyendo ya Tiwo inayamba kulemera. Koma dzanja la amayi sanalisiye.

Anafika pa kasitolo ka magalasi. Anthu anali ambiri. Anakhala pabenchi. Anadikira nthawi yaitali. Tiwo anayasamula. Amayi nawonso anayasamula.

Kenako anawaitana. Mkati munali mayi wovala chovala choyera. Dzina lake linali Kafula. Onse ankamutchula kuti Ba Kafula. Iye ndi amene ankapima maso.

Ba Kafula anaonetsa amayi zilembo pakhoma. Zina zinali zazikulu. Zina zinali zazing'ono. Anapima diso ili. Anapimanso diso linalo.

"Musebenza nchito yanji, amayi?" anafunsa Ba Kafula.

Amayi anayang'ana manja awo. Anali okhakhala. Anali ong'aluka. Anawabisa m'chitenje.

"Nimasoka vovala," anatero amayi chapansipansi.

"Ni bwino," anatero Ba Kafula. "Mutenge magalasi a galasi lenileni, monga akale aja. Amawala bwino. Sakandika msanga."

Tiwo anatembenukira kwa amayi. Anayang'ana pulasitala ija pansi pa diso. Sankafuna kuwachititsa manyazi amayi. Koma ankaopa kwambiri.

Anawakoka chitenje pang'ono.

"Amayi," ananong'ona, "nanga kamwala kakabweranso?"

Ba Kafula anamva.

"Kamwala kati, mwana wanga?"

Tiwo anayang'ana amayi. Amayi anausa moyo. Kenako anagwedeza mutu.

"Auze," anatero amayi.

"Amayi anali kusoka kale," anatero Tiwo. "Lomba amaphwanya miyala. Kamwala ndiko kanaswa magalasi. Panatuluka magazi."

Amayi anatulutsa manja m'chitenje. Anawaika pamiyendo.

Ba Kafula sanaseke. Anasendeza mpando wake pafupi.

"Mwachita bwino kuniuza," anatero. "Magalasi timasankha kulingana na nchito. Agalasi aja sangakuthandizeni. Dikirani muone."

Anatulutsa kabokosi. Munali magalasi akale oyesera. Munalinso kampira kachitsulo. Anaika galasi limodzi m'bokosi pansi.

"Ili ni lagalasi," anatero. "Tiwo, imirira. Gwetsera kampira aka pamenepo."

Tiwo anaimirira. Anatambasula dzanja. Anakasiya kampira.

Phwa!

Galasi linasweka. Amayi anadzidzimuka. Anagwira tsaya lawo. Phokosolo ankalidziwa.

Ba Kafula anaika lina.

"Ili ni la pulasitiki yolimba. Gwetsanso."

Tiwo anakasiya kampira.

Tii!

Kampira kananjanja. Kanagubuduka. Kanalowa pansi pa mpando. Tiwo anakwawa kukakatenga.

"Lasweka?" anafunsa amayi. Iwo sankaona bwino pansipo.

"Silinasweke, amayi!"

"Gwetsanso," anatero amayi.

Tii!

"Gwetsanso."

Tii!

Tiwo anatola galasilo. Analiika m'dzanja la amayi. Amayi analipapasa ndi chala. Analitembenuza. Analipapasanso. Panalibe mng'alu. Linali lopepuka.

"Nifuna aya," anatero amayi.

"Ni amenewo," anatero Ba Kafula. "Nizaika na totchinga m'mbali. Kamwala nthawi zina kamabwera chambali. Koma mverani. Aya amakandika msanga. Musapukute na chitenje cha fumbi. Muzitsuka na madzi. Muzipukuta na kansalu kofewa. Akayamba kung'aluka, mubwere msanga."

Amayi anali atatopa. Mawu anali ambiri.

"Ine nizakumbukira," anatero Tiwo. "Madzi. Kansalu kofewa. Akang'aluka, tibwere."

Magalasi sanapangidwe tsiku lomwelo. Anadikira sabata yathunthu. Loweruka lina anapitanso. Minibasi inali yodzaza. Dzuwa linali lomwe lija. Fumbi linali lomwe lija.

Koma pobwerera, amayi ndi amene anali patsogolo.

Lolemba amayi anabwerera kumiyala. Tiwo ataweruka kusukulu anapita komweko.

"Khala kutali," anatero amayi. "Iwe ulibe magalasi."

Tiwo anakhala pansi pa mtengo. Anayang'anitsitsa. Hamala m'mwamba, hamala pansi. Kho! Kho! Kho!

Kamwala kanadumpha.

Tii!

Amayi anaima. Tiwo anaimirira. Amayi ena ophwanya miyala anaimanso.

Amayi anavula magalasi. Anawayang'ana. Panali kadontho kakang'ono koyera. Sanasweke. Amayi anaphethira. Diso linali bwinobwino.

"Tiwo!" anaitana amayi. "Kamwala kabwerera kokha!"

Amayi ena aja anaseka. Tiwo anadumphadumpha. Amayi anavalanso magalasi. Anatola hamala.

Dzuwa litapendeka anabwerera kunyumba. Amayi anakhala pamkeka. Anatsamira khoma. Manja anali atatopa. Msana unali utatopa.

Tiwo anabweretsa madzi m'kapu. Anatsuka magalasi. Anawapukuta ndi kansalu kofewa. Anawaveka amayi.

"Nikuona bwino, mwana wanga," anatero amayi. "Uli na fumbi pamphuno."

Anamupukuta ndi chala. Tiwo anaseka. Anakhala pambali pawo.

Posakhalitsa atate analowa ndi wilibala yawo. Nawonso anali atatopa. Anatsegula pakamwa kuti apereke moni.

Tiwo anaika chala pamilomo.

Amayi anali atagona, chokhala, magalasi ali kumaso.

Atate anaimika wilibala mwakachetechete. Anavula nsapato. Anakhala mbali inayo. Mutu wa amayi unatsamira paphewa lawo.

Tiwo anawavula magalasi pang'onopang'ono. Anawapinda. Anawagwira ndi manja awiri mpaka amayi atadzuka.