Chipanda cha Mizere Yokhota

Patangotha masabata atatu chiikireni maliro a mwamuna wake, namfedwa anangoona apongozi ndi mlamu wake wamkazi atulukira ndi makatoni. Sanagogode n'komwe. Analunjika m'kachipinda kogwiriramo ntchito, momwe zipanda zozokota zinali ndandanda pashelefu.

"Izi ndi za achimwene," anatero mlamuyo. "Dzina lomwe latchuka m'tauni ndi lawo. Inu munangobwera ndi chikwama pano."

Namfedwa sanatsutse. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi anasunga chinsinsi: chiyambireni manja a mwamuna wake kunjenjemera, zipanda zonse ankazokota ndi iyeyo, bamboyo n'kumangopita nazo kusitolo atavala jekete. Zomwe anazokota malemuyo zinagulidwa kalekale. Chinatsala chimodzi chokha pakona, chomwe malemuyo analimbana nacho miyezi iwiri asanagonekedwe m'chipatala. Mizere yake inali yokhota, mbalame zake ngati nkhuku zonyowa. Koma namfedwa ankachikonda kuposa nyumba yonseyo.

"Tengani zonse, alamu. Mungondisiyira chapakonacho."

Apo ndiye analakwitsa. Mlamuyo anali munthu woti akaona kuti chinthu ukuchifuna, chimamuwawa ngakhale chikhale chigamba.

Anayamba kutsitsa zipanda chimodzichimodzi, akuzigogoda pafupi ndi khutu ngati akusankha mavwende.

"Ine dzanja la achimwene ndimalidziwa. Taonani ichi, amayi. Mizere yowongoka, mwaye unalowa bwinobwino. Luso lotere ndi la kwathu."

Apongozi anachilandira n'kuchifungatira pachifuwa, misozi ili chuchuchu. Kenaka mlamu anatambasula dzanja n'kutenga chapakona chija. Anachiyang'ana n'kuseka chikhakhali.

"Ichi ndiye chanu, sichichita kufunsa! Mumafuna mukachigulitse m'dzina la achimwene kuti mutichititse manyazi?"

Namfedwa anagwada pasimenti.

"Amayi, chonde, auzeni andipatse. Sindipemphanso china chilichonse."

"Usanditchule amayi," anatero apongozi osamuyang'ana. "Zaka zonsezi wandipatsa mdzukulu iwe? Mwana wanga ankafa ndi ntchito iwe ukukandakanda zonyansazi."

Mlamu anatayirira zala. Chipanda chinagwa kuti phwa! Chidutswa chachikulu chomwe chinatsala anachiponda ndi chidendene cha nsapato.

Namfedwa analira mokuwa mpaka mawu anasasa. Atatontholako, chisoni chinasanduka ukali wozizira. Anatola chidutswa chimodzi n'kuchiika m'dzanja la apongozi.

"Yendetsani chala mumzeremo. Mpeni unapendekera mbali iti? Tsopano yendetsani m'chomwe mwafungatiracho."

Apongozi anatero monyinyirika. Mizere iwiriyo inazama mbali zosiyana.

"Mpeni umapendekera komwe dzanja likukokera," anapitiriza namfedwa. "Ine ndimagwira ndi lamanja. Nanga mwana wanu ankagwira ndi liti?"

Apongozi ankadziwa bwino kuti linali lamanzere. Ndi iwo omwe ankathyolera tindodo padzanja lamanzere la mwanayo ali wamng'ono, koma sanasinthe.

"Zokongolazo n'zanga zonse. Manja awo anasiya kuwamvera kalekale, inu osabwera n'kudzaona komwe. Cha mwana wanu chinali chimodzi, ndipo ndi ichi chili pansichi."

"Akunama, amayi!" anakuwa mlamu, koma nkhope inali itagwa.

Apongozi anaika pambali chipanda chokongolacho n'kugwada movutikira, akupapasa zidutswa. Namfedwa anawapambana changu. Anayala mpango, nasonkhanitsa chilichonse, ngakhale tinyenyeswa tomwe tinalowa pansi pa tebulo. Anakulungiramonso mipeni yake yozokotera.

"Mwana wanga," apongozi analira, "ndisiyireko kamodzi kokhaka."

 Namfedwa anawerama, nafumbatula zala zawo chimodzichimodzi, n'kutenganso kachidutswa komaliza. Anamanga mpango wake, natuluka, chitseko n'kuchimenyetsa.