Mapepala a Mayi Socorro

Marisela atangoona galimoto ya Profesa Barragán ikuima pakhomo, mtima unamuwira. Profesa ameneyu ndiye anajambula mapepala okongoletsera a amayi ake, a Socorro, n'kuwaika m'buku lake. Bukulo linamutchukitsa mpaka kutali, koma pansi pa zithunzizo anangolemba kuti "mayi wina wa ku San Antonio". Mayi wina! Munthu amene zala zake zinakhakhala ndi tchizulo, kudula maluwa ndi mbalame pa mapepala opyapyala a Tsiku la Akufa, chikondwerero chokumbukira abale amene anamwalira.

"Amayi ako alipo, mwanangu? Ndikufuna mapepala awo, tikaonetse anthu Loweruka," anatero Profesayo.

"Apita kutchalitchi. Koma dikirani, ndikupatsani."

Marisela analowa kuchipinda n'kutenga mapepala odulidwa ndi makina, amene anagula kusitolo pa phwando la kusukulu. Profesayo, maso atafooka ndi ukalamba, anawalandira ndi manja awiri.

"Katswiri wanji wosasiyanitsa?" anatero Marisela chamumtima. "Anthu akakuseka ndiye udzamve mmene zimawawira."

Loweruka holo ya chionetserocho inadzaza, ndipo Marisela ndi amayi ake analimo. Mapepala aja anali pakhoma, ndipo pamwamba pake panali zilembo zikuluzikulu: SOCORRO ELIZONDO. Profesayo anaimirira.

"Ndinalakwa," anatero. "Ndinadyera thukuta la mayi awa osatchula dzina lawo. Pano ndikupuma pantchito, ndipo ndikufuna aliyense amudziwe mwini luso limeneli."

Anthu ali mkati mowomba m'manja, a Chayo, anzawo a amayi ake pantchito yodula mapepala, anayandikira khoma n'kugwiragwira.

"Iii, a Socorro! Mbalame zonsezi kufanana ngati mapasa? Awa ndi a makina awa! Mwayamba liti kutipusitsa?"

Palibe anayang'ana Profesayo. Maso onse anali pa a Socorro. Iwo anayang'ana mapepalawo, kenako mwana wawo, ndipo anamvetsa zonse.

"Ndine ndinapereka," anatero motsitsa mawu. "Manja atopa, anzanga."

Marisela anafuna kukuwa kuti ndi bodza, koma amayi ake anamufinya dzanja mpaka kuwawa. Marisela analira njira yonse yobwerera kunyumba.

Chaka chimenecho Tsiku la Akufa linafika, koma pakhomo pa a Socorro panalibe ndi mmodzi yemwe wobwera kudzafuna mapepala.