Mwendo wa Kamphepo

Feliya ankakhala ku Chulu. Anali ndi galu wake. Dzina la galuyo linali Kamphepo.

Kamphepo anali wofiira. Anali ndi miyendo italiitali. Akathamanga, fumbi linkangoti kobo!

Loweruka lililonse ana ankachita mpikisano wa agalu. Agalu ankayambira pa mjigo. Ankadutsa m'kanjira ka pakati pa minda ya fodya. Eni agalu ankaima pa mtengo wa mango n'kumaitana.

Feliya ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti Kamphepo apambane Mphezi. Mphezi anali galu wa mnzake, Dominic. Mphezi ankakhala woyamba. Kamphepo ankakhala wachiwiri. Nthawi zonse wachiwiri!

Tsiku lina Lachisanu, bambo a Feliya ankapachika fodya m'chigafa. Anaona Kamphepo akudutsa.

"Feliya, galuyu akutsimphina pang'ono," anatero bambo. "Mawa asathamange. Apume."

"Chabwino, Ababa," anayankha Feliya.

Kunacha. Bambo anapita kumunda. Amayi anapita kuchigayo. Feliya anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Kenako anatenga chingwe.

"Tiye, Kamphepo," ananong'ona. "Kamodzi kokha."

Mpikisano unayamba. Ana anakuwa. Agalu analiyatsa liwiro.

"Kamphepo! Kamphepo! Bwera!" anaitana Feliya.

Kamphepo anamva mawu a Feliya. Anathamanga. Anathamanga kwambiri. Anamupitirira Mphezi!

Kutsogolo kunali ngalande. Kamphepo analumpha. Anatera ndi mwendo wopweteka uja.

"Kwe! Kwe! Kwe!"

Kamphepo anagwa. Anayesa kudzuka. Anagwanso. Ana onse anathamangira komweko.

"Kodi sunaone kuti amatsimphina?" anafunsa Dominic.

Feliya anawerama. Ananyamula galu wake. Anali wolemera. Njira inatalika.

Kunyumba, anapeza bambo atabwerako kumunda.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa bambo.

Feliya anayang'ana pansi.

"Njinga yamugunda," anatero.

Mawuwo anatuluka ang'onoang'ono.

Kamphepo anakagona pansi pa nkhokwe. Sanadye. Sanagwedeze mchira. Feliya atayandikira, Kamphepo anayang'ana kumbali.

Feliya anachita manyazi. Anachita manyazi kwambiri. Nayenso sanadye.

Bambo anaimbira foni Mayi Lusiya. Mayi Lusiya anali alangizi a ziweto. Masana anafika pa njinga yamoto.

Anagwada pafupi ndi Kamphepo. Anagwira mwendo wakumbuyo. Anaugwira apa. Anaugwira apo.

"Fupa silinathyoke," anatero. "Wapweteka mnofu. Koma sindikuona bala. Njinga ikagunda galu, imasiya bala."

Feliya anangoti zyoli. Chala chake chakuphazi chinayamba kulemba pansi.

"Mwana wanga, galu salankhula," anatero Mayi Lusiya. "Womulankhulira ndiwe. Ndikadziwa m'mene anagwera, ndidziwa pomuthandiza."

Feliya anayang'ana Kamphepo. Kamphepo ankanjenjemera. Misozi inatsika m'masaya mwa Feliya.

"Si njinga," anatero. "Ndine. Ababa anandiletsa. Ine ndinamutengera ku mpikisano. Analumpha ngalande. Ndinanama."

Bambo anamuyang'ana. Feliya ankafuna kubisala m'nkhokwe.

"Liwiro lamupweteka kamodzi," anatero bambo. "Bodza likanamupweteka kachiwiri."

"Pepani, Ababa."

"Ndamva, mwana wanga. Koma wopweteka ndi uyo."

Mayi Lusiya anagwira dzanja la Feliya.

"Pukuta misozi," anatero. "Manja akowa ali ndi ntchito."

Anamuuza zoti achite. Masiku atatu oyamba, Kamphepo apume. Feliya aziika pamwendo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira. Masiku atatu akatha, azimuthowa ndi madzi ofunda. Azimusisita pang'onopang'ono. Azipinda mwendo. Aziutambasula.

"Kasanu m'mawa, kasanu madzulo," anatero Mayi Lusiya. "Akalira, usiye. Usamukakamize."

Tsiku loyamba, Feliya anabwera ndi nsalu. Kamphepo anamuonetsa mano. Feliya anabwerera m'mbuyo. Manyazi anamugwiranso. Galu wake yemwe ankamuopa!

Anakhala pansi chapatali.

"Pepa, Kamphepo," anatero. "Ndinakulakwira."

Anadikira. Anasendera pang'ono. Anadikiranso. Kenako anaika nsalu pamwendo. Kamphepo anapumira m'mwamba. Anatseka maso.

Masiku atatu anatha. Amayi anafunditsa madzi. Feliya anawayesa ndi chigongono. Sanali otentha. Anali ofunda bwino.

Thowa, thowa.

Sisita, sisita.

Pinda, tambasula.

Mwendo unali wouma ngati mtengo. Sunkafuna kupindika. Feliya sanaukakamize.

M'mawa asanapite kusukulu, thowa, thowa. Madzulo akaweruka, sisita, sisita. Pinda, tambasula.

Loweruka linafika. Feliya anamva ana akukuwa ku mjigo. Anabisala kuseri kwa chigafa. Sankafuna kuti anzake amuone.

Koma Dominic anabwera.

"Odi! Kamphepo ali bwanji?"

Feliya anatuluka pang'onopang'ono.

"Unanena zoona tsiku lija," anatero. "Ndinaona kuti amatsimphina. Ndinkangofuna kukupambana."

Dominic anakanda m'mutu.

"Popanda Kamphepo mpikisano sukukoma," anatero. "Mphezi akungothamanga yekha. Undiphunzitse kusisitako."

Feliya anamuphunzitsa.

Sabata ziwiri zinatha. Kamphepo anaponda pansi ndi mwendo uja. Anaponda pang'ono. Anaukwezanso. Anapondanso.

"Amayi! Waponda! Waponda!" anafuula Feliya.

Mayi Lusiya anabweranso. Anaugwira mwendo uja.

"Ukufewa," anatero. "Tsopano aziyenda. Koma kuyenda kokha, osathamanga."

Feliya anamumanga chingwe. Anayenda naye mpaka pachigafa. Tsiku lina anafika naye pa mjigo. Tsiku linanso anafika naye kumunda.

Bambo anabweretsa timitengo ta m'chigafa. Anatiyala pansi motalikirana. Kamphepo ankatidumpha mwendo umodziumodzi. Kweza, ponda. Kweza, ponda.

Tsiku lina gologolo anadutsa. Kamphepo anakoka chingwe. Ankafuna kuthamanga. Nayenso Feliya ankafuna kumuona akuthamanga. Koma anagwiritsa chingwe.

"Ayi, Kamphepo," anatero. "Nthawi sinakwane."

Sabata zisanu ndi imodzi zinatha. Mayi Lusiya anabwera komaliza. Anapinda mwendo. Anautambasula. Kamphepo sanalire.

"Wachira," anatero. "Angathe kuthamanga. Koma aziyamba wayenda, thupi litenthe. Akatsimphina, apume."

"Akatsimphina, apume," anabwereza Feliya.

Feliya anamasula chingwe. Kamphepo anazungulira bwalo. Anazungulira nkhokwe. Nkhuku zinabalalika. Kenako anathamangira kwa Feliya. Anamunyambita kumaso.

Madzulo bambo anabwera kuchokera kumunda. Ankayenda chowerama. Dzanja lili pamsana.

"Mayo, msana wanga!" anatero. "Fodya wandiumitsa. Kodi adokotala a pakhomo pano alipo?"

Amayi anaseka. Anayala mkeka pakhonde. Bambo anagona chafufumimba. Feliya anabwera ndi nsalu ndi madzi ofunda.

Thowa, thowa.

Sisita, sisita.

"Mukalira ndisiya, Ababa," anatero Feliya.

"Kwe! Kwe!" analira bambo.

Kamphepo anadzidzimuka. Anaimika makutu. Anabwera kudzanunkhiza bambo kukhutu. Amayi anaseka mpaka misozi. Feliya nayenso anaseka, nsalu ili m'manja.