Majombo Osamveka pa Njira ya ku Lwendulu

A Gabrieli Chisale ananyamuka ku Ingagula usiku utapita kale, galimoto ya anzawo ojambula filimu itawasiya. Sikuti anawaiwala ayi. Eni akewo ndiwo anakakamira kutsala, ati akufuna kujambula mmene tauni ya Hwange imamvekera ikagona. Koma zoona zake n'zakuti sanafune kukhala m'galimoto imodzi ndi Tanyaradzwa, mtsikana amene ankatsogolera filimuyo.

Masana a tsikulo ankajambula nkhalamba za pamgodi zikuimba nyimbo zakale m'holo ya tchalitchi. Pakati pa nyimbo, Tanyaradzwa anaimitsa ntchito n'kufunsa a Gabrieli, amene ankajambula mawu, ngati sakumva filiji ikung'ung'uza m'chipinda china. A Gabrieli sanaimve. Mtsikanayo analankhula mwaulemu ndithu, kuti mwina akapimitse makutu ku Bulawayo, koma ulemu wakewo ndi umene unawawa kwambiri.

Muziwamvetsa. Munthuyu anayamba ntchito ku Salisbury akunyamulira azungu mabokosi, nthawi imene wakuda akakhudza makina ojambulira mawu ankamenyedwa padzanja ngati mwana wakuba shuga. Ntchitoyo anaiphunzira mwakabisira, pongoyang'ana ndi kumvetsera. Dziko litalandira ufulu, iwo anali m'gulu la oyamba kuvala mahedifoni n'kulamula gulu lonse, azungu omwe, kuti likhale chete. Pofika 2004 anali atadyera makutu zaka makumi atatu. Munda analibe, luso lina analibe, ndipo mkazi anawathawa kalekale chifukwa cha maulendo osatha. Ndiye makutuwo akafa, a Gabrieli atsala ndi chiyani?

Anakoleka makina awo akale a tepi paphewa, maikolofoni kumanja, n'kulowa njira yachidule ya paubwana wawo yopita ku komboni ya Lwendulu, kwa mlongo wawo Eldah kumene ankagona. Njirayo imadutsa m'mbali mwa manda akale ndi milu ya phulusa la malasha. Mwezi unali bwino. Anatsegula makina, m'mahedifoni mukumveka nkhululu zikulira, galu akuuwa patali, ndi sitima ya malasha ikukhosomola kusiteshoni. Nkhululuzo ndi zimene ankazitchera khutu, poti munthu wa ntchito yawo amadziwa kuti makutu akayamba kufa, timawu tating'ono tosongoka ndi timene timayamba kuthawa. Pozimva bwinobwino, mtima unayamba kukhala pansi.

Atafika pa manda, nkhululu zinaleka. Zonse, nthawi imodzi. Zii!

Anaima. Anavula mahedifoni, anavalanso. Anatokosa khutu ndi chala. Palibe...

Ndi pamene anaona kuti sali okha. Kumanzere kwawo kunali bambo wina wamtali, wovala chisoti cha pamgodi chosayatsa nyali, majombo kuphazi, chitsulo chachitali paphewa. Khutu lake lakumanja linali lodulidwa theka. A Gabrieli anamupatsa moni, koma iye sanayankhe, anangoyamba kuyenda nawo limodzi ngati anapangana.

Munthu wanzeru akadayamba pomwepo kudzifunsa kuti wa pamgodi akutani kumanda pakati pa usiku. A Gabrieli maso awo anali pa majombo. Majombo aakulu, oponda pa timiyala ta malasha opsa, timene ngakhale mphaka akapondapo timalira. Ankaona phazi likutsika. Ankaona likunyamuka. Phokoso, ayi.

Mapazi awo okha ankawamva, koma zimenezo sizinawatonthoze, chifukwa ngakhale gonthi amamva mapazi ake kudzera m'mafupa.

“Inu ndi ine ntchito yathu ndi imodzi, madala,” anatero munthuyo, mawu ake otsika ngati ochokera m'mgolo. “Ine ndimamvera mwala. Ukamalankhula, ndimatulutsa anthu.”

A Gabrieli anangoti eya.

Atayenda pang'ono, munthuyo anawatsekereza ndi chitsulo chija. “Basopa apo. Pansi pali moto.”

Mwana aliyense wa ku Hwange amadziwa kuti pali malo ena amene malasha amayaka kunsi kwa nthaka, pamwamba pakuoneka bwinobwino, ndipo ukapondapo umalowa mpaka m'mawondo. Fungo lake linawafikadi m'mphuno. Koma munthuyo anafuna kuwatsimikizira. Anakweza chitsulo ndi manja awiri, n'kumenya nacho mwala waukulu umene unali m'mbali mwa njira.

Chitsulo pa mwala!

Osamveka kanthu...

Anamenyanso. A Gabrieli anaona bwinobwino, maikolofoni ataloza pomwepo. Chete. Basi, zatha. Anatsatira munthuyo pokhota kumanzere ngati mbuzi ya pachingwe, misozi ikutsika, osaipukuta n'komwe. Anathokoza kamodzi, sanamve yankho. Atafika pa nyumba zoyamba za komboni anapeza ali okha, ndipo sanadabwe, anangoti mnzawoyo wapatukira kwawo. Wailesi ya m'nyumba ina ankaimva, koma amenewo ndi mawu olemera, amene amatsalira makutu akamapita.

Eldah anali asanagone. Ataona nkhope ya mchimwene wake anaganiza kuti amuchita chipongwe panjira, koma a Gabrieli anangodziponya pampando n'kunena kuti makutu awo afa, mawa akauza Tanyaradzwa apeze munthu wina. Anafotokoza za nkhululu, za majombo, za chitsulo. Eldah ndi mayi wosakonda kulira maliro asanaone mtembo. Anawauza kuti ayatse makinawo amve nawo.

Anabweza tepi monyinyirika. Nkhululu zinalira m'chipinda monse, ndipo a Gabrieli anazimva. Kenako zii, ndipo kasingano ka makina, kamene kamavina mawu akamalowa, kanagwa n'kugona. Anakayang'anitsitsa. Kasingano sikakalamba makutu. Ngati kagona, ndiye kuti nkhululuzo zinalekadi. Kenako kunamveka mapazi a munthu mmodzi, moni wawo wopanda woyankha, “eya” wawo woyankha mphepo. Za mwala wolankhula ndi za moto wa pansi, munalibe.

“Achemwali, inu mukumvamo anthu angati?”

“Mmodzi. Inuyo.” Eldah anali atagwira kukamwa. Anafunsa kuti munthuyo ankaoneka bwanji, ndipo atamva za chitsulo ndi khutu lodulidwa theka, anasuntha mpando wake kuuchotsa pafupi ndi zenera.

“Amenewo ndi a Fideli, a nyumba ya kuseri kwa mpope. Ankagogoda denga la mumgodi anzawo asanalowe. Inu simungawadziwe, anabwera inu mutapita kale ku Salisbury. Achimwene, a Fideli anamwalira ndi chifuwa mu 1989. Ine ndinaphika nawo pa maliro. Manda awo ali pa njira yomweyo.”

A Gabrieli anafunsa mosamala kwambiri, ngati munthu woopa kuti uthenga wabwino ungasinthe.

“Mukunenetsa? Anamwaliradi?”

“Zaka khumi ndi zisanu zapitazo.”

“Ambuye alemekezeke,” anatero a Gabrieli, n'kuyamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, akupukuta misozi ndi chipewa, uku mlongo wawo akuwakalipira monong'ona kuti munthu wamkulu sathokoza Mulungu chifukwa chokumana ndi mzukwa. Iwo anayankha kuti mantha adzachita mawa, ntchito ikatha. Anapempha kuti awadzutse m'mamawa, poti nkhalamba zija zinali zisanamalize nyimbo.