Tsabola Wothiriridwa ndi Misozi

Umphawi unamulowa telala wina ngati nsabwe m'msoko wa malaya, osaoneka polowera. Kuyambira pamene zovala za kaunjika zinadzaza msika, anthu analeka kusoketsa zatsopano. Ankangobwera ndi mathalauza ong'ambika kuti awaikire chigamba, ndipo ena potenga ankalipira ndi zikomo. Makina ake anayamba dzimbiri pakhonde. Mkazi wake ankachapira anthu zovala mpaka zala kusenduka, kuti mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana amene ankaphunzira za unamwino, asachotsedwe sukulu.

Kuseri kwa nyumba kunali kadimba. Telala anafesa tsabola pa nazale, nawokera mbande m'mizere, nathira manyowa a nkhuku, naphimbira ndi udzu. Koma tsabolayo anatengera mwini wake. Masamba anali opiringizika, kunsi kwake kuli tizilombo toyera, maluwa n'kumayoyoka asanagwire chipatso. Anawaza phulusa, anawaza madzi a sopo, koma ayi ndithu. Chomupweteka kwambiri chinali kuseri kwa mpanda. Kumeneko mphunzitsi wina wopuma ntchito anali ndi tsabola wofika m'chiuno, wofiira ngati makala a moto, ndipo galimoto ya kampani yopanga tsabola wa m'mabotolo inkaima pageti pake kudzagula. Telala akasuzumira pampandapo, malovu ankamuwawa mkamwa. Mkazi wake ankamuuza kuti akafunse nzeru kwa aphunzitsiwo, poti safunsa anadya phula, koma iye ankati pamenepo palibe nzeru, pali mankhwala.

Amene anamulozera njira ya kwa sing'anga anali wometa tsitsi wa pamsika. Sing'angayo sankakhala kuthengo ayi. Anali ndi kachipinda kosesedwa bwino kuseri kwa malo okonzera njinga, kokhala ndi mipando iwiri ndi kabati. Telala anamupeza dzuwa lili paliwombo, atavala malaya ositasita, akusenda lalanje ndi kampeni. Sing'angayo anamvetsera madandaulo onse osadzutsa mutu. Kenako anatsegula kabati natulutsa njere za tsabola zakuda bii, pamodzi ndi kampango koyera.

"Mbewu iyi simwa madzi okha, atelala," anatero. "Imamwa misozi ya anthu a m'nyumba mwanu, amene amakukondani. Muziipukuta ndi kampangoka, n'kukatsukuluza m'kheni yothiririra."

Telala anaseka pang'ono, nati ngati ndi choncho n'zosavuta, mkazi wake amalira tsiku lililonse akamadula anyezi.

"Ya anyezi ndi madzi chabe. Ya utsi ndi madzi chabe. Ikhale yochokera apa," sing'anga anagogoda pachifuwa pake ndi chigwiriro cha mpeni, "ndipo woliritsayo mukhale inu."

Telala atafunsa za malipiro, sing'angayo anapukusa mutu. "Ine sindilipiritsa. Dimba lidzitolera lokha. Mungodziwa kuti tsabola wakale sawawa. Chimene chaliritsa munthu lero, mawa sichimuliritsanso. Ndipo mukayamba, palibe kusiya."

M'njira monse telala ankadzitonthoza. Kodi mkazi wake sankalira kale chifukwa cha usiwa, misozi n'kumangothera pansi yopanda phindu? Bola misozi yobala chakudya.

Chikwatiraneni anali asanamutukwanepo mkazi wake. Tsiku limenelo anamupeza akuyanika zovala za eni ake, ndipo anamuuza kuti manja akewo akhakhala ngati khungwa la mtengo, moti amachita nawo manyazi pagulu. Mayiyo anayang'ana manja ake, omwewo amene ankadyetsa banja lonse, ndipo misozi inatsika mwakachetechete. Telala anamukumbatira, napepesa, namupukuta ndi kampango kaja. Mkazi wake anamuthokoza chifukwa chomupukuta.

Njere zakuda zija zinamera ngati zikuthamangitsidwa. Mitengo inakula yobiriwira, maluwa oyera mbee, zipatso zolendewera mpaka nthambi kuwerama. Ukathyola lero, mawa wapeza zadzazanso. Wogula wa kampani uja analuma kansonga chabe ka tsabola mmodzi, ndipo anatsokomola mpaka kukhala pansi. Atapeza mpweya anati atenga yense, ndi wa m'tsogolo yemwe. Denga lodontha linasanduka malata onyezimira. Pakhomo panaima galimoto yonyamulira katundu. Pamsika anayamba kumutcha Bwana Tsabola, ndipo mphunzitsi uja atabwera kudzamuyamikira ndi kupempha njere, telala anamubwezera pageti.

Koma mawu a sing'anga sanagwe pansi. Zotukwana zinazolowereka, mkazi wake n'kumangozimva ngati mvula ya padenga. Masamba akayamba kulefuka, telala ankadziwa kuti nthawi yakwana. Anayamba kudutsa ndi akazi ena m'galimoto pafupi ndi mpopi pamene mkazi wake ankatunga madzi. Izi zinathirira dimba kwa kanthawi, kenako nazonso zinasukuluka.

Anatembenukira kwa mwana wake. Panali kalipentala wina, mnyamata waulemu, amene ankafuna kumanga banja ndi mtsikanayo. Telala anamupirikitsa anthu akuona, nauza mwana wake bodza loti mnyamatayo ali ndi mkazi kwina. Mtsikanayo anadzitsekera kuchipinda, ndipo bambo ake anakhala naye pamphepete pa bedi akumusisita kumsana. "Tonthola, mwanangu," ankatero, kampango kali m'manja.

Kenako pafoni yake panabwera uthenga woti apongozi ake adwalika ndipo akuitana mwana wawo kuti amuone komaliza. Telala anaubisa. Anaubisabe mpaka unabwera wachiwiri, wa maliro. Mkazi wake atamva kuti mayi ake anamwalira akumutchula dzina, analira moti anthu a nyumba zoyandikana anasiya kudya. Nyengo imeneyo tsabola anakula kuposa mpanda.

M'mawa wina, ali m'kati mwa chisoni chomwecho, mayiyo anamulondola mwamuna wake kudimba kuti akamufunse kanthu. Anamupeza atanjuta, akufinyira kampango m'kheni, milomo ikuyenda. Mayiyo anaima pomwepo. M'mutu mwake munabwera masiku onse amene munthuyu anamupweteka n'kuthamangira kumupukuta.

"Kani manyowa anu ndi amenewa, bambo a mwana?" anafunsa motsitsa mawu. "Chabwino. Diso langa simudzalionanso lonyowa pakhomo pano."

Ndipo anasunga mawu ake. Mwamunayo anayesa zonse, koma maso a mayiyo anauma gwa. Mtsikana naye, atauzidwa ndi mayi ake, anabwerera kusukulu osatsanzika. Posapita nthawi masamba anachita chikasu, maluwa anayoyoka, wogula uja n'kuyamba kunena zokafuna tsabola kwina. Telala anabwerera kwa sing'anga kukapempha kuti amumasule.

"Ndinakuuzani kuti palibe kusiya," anayankha sing'angayo. "Dimba lili ndi ludzu. Mukapanda kulipatsa, litunga lokha pachitsime chimene lasankha. Koma inu ndinu munthu wamkulu, atelala. Mukudziwa chimene chimaliritsa mayi aliyense."

Telala anatuluka akulumbira kuti zimenezo ndiye ayi.

Sipanapite nthawi yaitali, mtsikana uja anabwera kunyumba akudwala. Thupi linali moto, mano akugundana, ndipo pofika m'mawa mwake sankazindikiranso anthu. Mayi ake anapempha mwamuna wawo kuti amuthamangire kuchipatala ndi galimoto. Telala anatenga makiyi. Koma potembenuka anaona maso a mkazi wake akunyezimira, misozi ili pafupi kwambiri, ndipo kuseri kwa mayiyo, kudzera pazenera, anaona dimba lake lofota.

Anati galimoto yavuta. Anatsegula kutsogolo kwake n'kuyamba kugwiragwira mawaya amene analibe vuto lililonse. Mumtima ankati ndi pang'ono chabe, angolira ndi mantha, kenako tinyamuka. Mayiyo anabwera kudzafunsa, nabwerera, nabweranso, milomo atailuma, diso louma. Dzuwa linakwera mpaka kupendeka. Pomaliza mayiyo anathamangira kwa mphunzitsi uja, amene anasiya chakudya pakamwa n'kukapeza galimoto ina. Mtsikanayo anatsirizikira pamiyendo ya mayi ake, atatsala pang'ono kufika pageti pa chipatala.

Pamaliro anthu anadabwa kuona mayi wa mwana atangokhala duu, osagwetsa ngakhale dontho. Ena ananong'ona kuti mtima wake ndi wamwala. Atabwera kumanda, iye anamanga kathumba kake nakwera basi yopita kwa mchimwene wake. Amene analipo amati atangotsika anadzigwetsa pafumbi nalira mpaka mawu kutha, kutali ndi kampango kaja.

Telala anatsala yekha m'nyumba ya malata atsopano. Tsiku lina analowa kuchipinda kwa mwana wake napeza diresi loyera la unamwino litapachikidwa pamsomali, lomwe anasoka yekha ndi manja ake masiku a umphawi. Apo ndi pamene analira. Koma misoziyo itayamba sinalekenso. Maso anayamba kuotcha ngati wina wawatikita ndi tsabola. Anasamba ndi madzi ozizira, anathira mankhwala a kuchipatala, osaphula kanthu. Ululuwo unkachepa pokhapokha akagwada m'mizere ya m'dimba, misozi n'kumadonthera m'nthaka.

Dimba linadzuka. Zipatso zinanenepa kuposa kale. Koma wogula uja atathyola chimodzi n'kuching'amba, munali madzi okhaokha amchere. Anapukuta dzanja pa thalauza, nakwera galimoto, osabweranso. Telala anayesa kuzula mitengoyo, koma mizu inakana, ndipo manja anatuluka matuza. Anapita kuseri kwa malo okonzera njinga kuja napeza kachipindako muli wogulitsa makala, amene anati za sing'anga sakuzidziwa.

Maso ake anayera mpaka anasiya kuona. Mutu nawo unasokonekera. Odutsa m'njira ankamumva akukwawa m'dimbamo, akupapasa mtengo uliwonse n'kumaunyengerera kuti, "Dzuka, mwanangu, tiye kuchipatala. Galimoto ndakonza." Omumvera chisoni ankamusiyira chakudya pageti, koma agalu ndi amene ankadya. Kenako mawu aja analeka kumveka. Anthu atathyola geti anamupeza atagona chafufumimba pakati pa mizere, thupi litauma ndi kupepuka ngati tsabola woyanikidwa padzuwa. Nyumbayo mpaka lero palibe wofuna kukhalamo.

Dyera limayamba ndi kupempha dontho limodzi, koma silikhuta mpaka litaumitsa chitsime. Chuma chofuna kuti wina wako alire kuti iwe udye si chuma ayi, ndi manda amene ukudzikumbira kuseri kwa nyumba yako. Ndi bwino kukolola tsabola wochepa wa thukuta lako, n'kudya ndi anthu amene akuseka nawe, kusiyana ndi kudzaza matumba n'kutsala wopanda ngakhale mmodzi wokulira.