Gwada Pakona

Anakumana pamalo odikirira basi, mvula ikugwa. Mtsikanayo anali telala, atafumbata thumba la madiresi a kasitomala. Mnyamatayo anali wokonza mafoni, ndipo ambulera yake inali yothyoka nthiti.

"Achemwali, lowani muno. Madiresiwo akanyowa, wolira ndinu."

"Ambulera imeneyo? Ikudontha kuposa mtambo!"

"Ikudontha mbali yanga. Mbali yanuyo ndakonza."

Mtsikana anaseka. Kuseka kumeneko ndiye kunamugwetsa.

Posakhalitsa mnyamata anamupatsa dzina loti Kasingano. "Chifukwa wandibaya apa," amatero akuloza pachifuwa. Mauthenga amabwera m'mawa uliwonse. "Wadzuka bwanji duwa langa?" "Ukadzalira, woyamba kufika ndidzakhala ine." Kasingano amawerenga mawuwa ali pamakina osokera, n'kukhotetsa msoko.

Kenako mnyamata anamulowetsa m'gulu la pa foni la anzake. Kumeneko aliyense amamutchula mnyamatayo kuti Ahedi, poti ndiye amapereka zilango ngati mphunzitsi wamkulu. Lamulo linali limodzi. Ukalemba uthenga wautali, wodandaula kapena wachikondi, amakuponyera chithunzi cha mphunzitsi wotuzula maso, ndodo ili m'manja, pansi pake atalemba kuti: GWADA PAKONA!

Wina akati mutu ukuwawa, gwada pakona! Wina akati bwana wamukalipira, gwada pakona! Anthu akuluakulu, ena a ndevu zawo, tsiku lonse kugwaditsana.

Poyamba Kasingano amaseka nawo. Koma chithunzicho chinayamba kulowa ndi m'mauthenga a awiriwo.

"Ndakusowa lero, wanga," analemba masana ena.

GWADA PAKONA!

"Iwe, ndikunena zoona."

"Wowonjezera mawu agwada kawiri!"

Atakumana anamufunsa, "Kodi sungandiyankhe ndi pakamwa pako?"

"Aa, bebi, ndi nthabwala chabe. Ukudziwa kuti mtima wanga uli m'thumba mwakomo."

Nanga akanatani? Anamukhulupirira.

Tsiku lina mayi ake a Kasingano anagwa ali kubafa, osathanso kuyankhula. Anathamangira nawo kuchipatala. Kasingano anaimbira mnyamata uja, foni osayankhidwa. Analemba uthenga, osawerengedwa. Koma m'gulu muja amamuona, akugwaditsa anthu. Ndiye analemba momwemo. Anafotokoza zonse: kugwa kwa mayi, wodi yomwe agonekedwa, mantha ake. Anamaliza ndi mawu oti, "Wanga, bwera chonde, ndili ndekha."

Mnyamata anali pabenchi yake yokonzera mafoni, foni ya kasitomala ili chitsegulire, kachitsulo kowotcherera kali m'dzanja. Anangoona kutalika kwa uthenga ndi liwu loti "wanga". Chala chinapita chokha.

GWADA PAKONA!

Ahedi atayamba, ndani akanatsalira? Zithunzi zinagwa ngati matalala. "Alamu, mwalemba buku!" "Zachikondi kunja!" "Alamu agwade mpaka Ahedi akhululuke!" Uthenga uja unakwiririka pansi pa aphunzitsi a ndodo. Palibe anauwerenga. Palibe!

Kasingano anakhala pabenchi ya pakhonde la wodi, akuyang'ana foni ikuthwanima. Kenako anatuluka m'gulumo.

Mnyamata anazindikira dzuwa litapendeka, mnzake wina atalemba kuti, "Alamu athawa chilango!" Anabwerera m'mwamba kufuna chomwe chawakwiyitsa. Anawerenga. Anawerenganso.

Anasiya benchi osatseka, nathamanga.

Anamupeza pakhonde paja atanyamula beseni ndi thaulo, maso ali otupa.

"Kasingano wanga! Amayi ali bwanji?"

"Atsegula maso. Anthu achilendo ndi amene anandithandiza kuwanyamula."

"Sindinawerenge. Ndikulumbira, sindinawerenge!"

"Ndikudziwa kuti simunawerenge. Mukanawerenga n'kunditumizira chija, ndikanati ndinu munthu woipa, ndikanadziwa chochita nanu. Koma inu simunandione n'komwe."

"Inu" ameneyo anamulasa kuposa mbama.

"Munati ndikadzalira, woyamba kufika mudzakhala inu. Chinafika ndi chithunzi."

Mnyamata anafunafuna mawu. Pakamwa pomwe pamatuluka nthabwala ngati madzi a pampopi panauma gwa. Akanati chiyani chomwe sanachisandutsepo choseketsa? Anagwada pansi, pasimenti pozizira, pakona pomwe pamakhala ndowa ya zinyalala. Misozi inali yeniyeni.

Kasingano anamuyang'ana.

"Ngakhale kuno? Kuchipatala kuno mukuseweranso?"

"Ayi! Sindikusewera, mtima wanga, ndikupepesa!"

"Ndidziwa bwanji?" anafunsa motsitsa mawu. "Ndiuzeni, ndidziwa bwanji?"

Namwino wina anadutsa ndi kangolo ka mankhwala. "Bambo, dzukani apo, mukutchinga njira."

Kasingano anapukuta maso ndi thaulo lija. Sanakalipe. Anangoti, "Ndinakukondani kwambiri, mukudziwa?" Anakankha chitseko cha wodi ndi phewa, nalowa kwa mayi ake.

Mnyamata anatsala chigwadire. M'thumba mwake foni inanjenjemera. Anaitulutsa msangamsanga, poganiza kuti mwina ndi iye.

Linali gulu lija.

"Ahedi asowa osatsanzika. Tiwatani anyamata?"

Ndipo zithunzi zinayamba kugwa.